Mapazi Khumi ndi Atatu Amene Sanakumbidwe

Ntaja, 5 Meyi 1975

Ntchito ndinayamba Lolemba, pa 5 Meyi 1975, nthawi ili 7 koloko m'mawa, m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ina pa Ntaja. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, satifiketi ya Fomu 4 ili mu envulopu, jekete ndili nditabwereka kwa amalume. Bungwe lina la kunja linagwirizana ndi boma kuti likumbe zitsime m'midzi ya Machinga, ndipo masiku amenewo Balaka anali asanakhale boma payekha. Bungwelo linatumiza mzungu mmodzi, galimoto imodzi ndi bokosi la mapepala. Chimene linalibe ndi munthu wodziwa Chingerezi, Chichewa ndi Chiyao, woti aziima pakati pa mzunguyo ndi anthu okumba. Munthu ameneyo ndinakhala ine.

Bwanayo dzina lawo anali a Pita, koma akatembenuka aliyense ankati Bwana Mapazi, chifukwa mawu a Chichewa amene anayamba kuwadziwa anali akuti, "Mapazi angati?" Inu ana anga mwakulira m'nthawi ya mamita. Ife kuya kwa chitsime tinkakuyeza m'mapazi, ndi tepi yansalu yomangirira kachitsulo kumapeto. Anali munthu wosakuwa, wosatukwana, ndiponso wosaiwala nambala.

Tsiku loyamba lomwelo anandiuza katatu kuti okumba zitsime si antchito athu. Bungwe silinkafuna kulemba anthu ntchito m'dziko la eni. Linkapangana ndi munthu mmodzi, kontilakitala, ndipo iyeyo ankabwera ndi anthu ake, zida zake ndi ufa wake. Mudzi unkaloza dera, kontilakitala n'kusankha pokumba. Ife tinkapereka mphete za simenti zotchingira m'kati ndi mpope. Malipiro anali pa phazi lililonse lokumbidwa, madzi apezeke kaya asapezeke. Pepala la pangano linalembedwa kwawo kwa bwana, ndi anthu amene ndikhulupirira anali ndi mtima wabwino: ankati munthu asataye thukuta lake chifukwa nthaka yamukana.

Ndinakhoma chidziwitso pamsika, n'kupempha mashehe kuti alengeze kumizikiti Lachisanu. Anabwera amuna ambiri. Bwana ankafunsa za ntchito, ine ndinkaona chiphaso cha msonkho ndi khadi la chipani. Za khadilo sizinali pa pepala la bwana, koma ndinkadziwa kuti tikatenga munthu wopanda khadi, wodzafunsidwa ndine.

Womaliza pamzere anali bambo wamfupi wovala kofia, wa zaka ngati makumi asanu, dzina lawo Che Bwanali. Bwana anati ndiwafunse kuti akumbapo zitsime zingati.

"Sindinawerenge," anatero. "Koma auzeni akamwe madzi pa mzikiti wa kumsikawu, akandiuze ngati ali ndi mchere."

Nditawawerengera pangano m'Chiyao anadinda chala, kenaka anatulutsa m'thumba kachingwe kakhonje. Anapempha kuti ndiyale tepi pansi. Anagwada pakhonde paja n'kumamanga mfundo imodzi pa phazi lililonse, mpaka mfundo makumi asanu ndi limodzi, ife tikudikira.

"Simukundikhulupirira, Che Bwanali?" ndinafunsa.

"Ndikukukhulupirirani, a kalaliki. Koma tepiyo ili ndi mwini wake. Ichi ndi changa."

Ndinaseka. Ndinkaganiza kuti chingwecho n'chowatchinjiriza kuti tisawabere. Sizinandifike m'mutu kuti chingwe chimayeza mbali zonse ziwiri.

Kwa Nsamala, 1977

Titatha zaka ziwiri ku Ntaja anatisamutsira kwa Nsamala, ofesi ili pa Balaka. Chaka chimenecho ndi chimene ndinakwatira mayi anu. Makontilakitala ena anatsala, koma Che Bwanali anatitsata ndi gulu lawo la amuna asanu ndi atatu. Simenti inkavuta. Nthawi zina tinkatha milungu itatu tikudikira sitima, zitsime zili kukamwa yasa, ndipo ine ndi amene ndinkayenda kukapepesa kwa anthu amene sindinawalakwire. Ndinaphunzira kumeneko kuti kalaliki wa mzungu amatukwanidwa m'zinenero zitatu.

Kumeneko ndi kumene ndinayamba kuona chilema cha pangano lathu. Che Bwanali akafika m'mudzi sankagwira piki msanga. Ankayenda masiku awiri. Ankaona pamene pamera mikuyu, ankafukula chulu n'kufinya dothi lake m'manja, ankafunsa amayi kuti udzu umachedwa kuuma pati. Masiku awiri amenewo sitinkawalipira, chifukwa pa pepala panalibe mzere wa kuyenda. Akakumba, madzi ankawapeza pa mapazi makumi awiri kapena kupitirira pang'ono.

Kunalinso kontilakitala wina wa komweko, a Jailosi. Iwowa ankafika m'mawa, masana dothi likuuluka. Ankakonda pamtunda, pouma bwino, posagumuka. Ankatsika mapazi makumi anayi, makumi asanu, ndipo kawirikawiri ankatulukamo ndi fumbi lokha. Anthu ankati a Jailosi akukumba njira yachidule ya ku Joni. Sindikuti anali wakuba, iyayi. Phazi lililonse limene tinawalipira analikumbadi. Anangoliwerenga bwino pepala lathu kuposa amene analilemba. Koma pa tsiku la malipiro, wodziwa ntchito ankanyamula theka la zimene wanyamula wosadziwa, ndipo woitana mayina ndinali ine.

Ndinawauza bwana kawiri. Koyamba anati aganiza. Kachiwiri anavula magalasi n'kunena kuti, "A Namaona, ndalama izi ndi za anthu a kwathu, ndipo amene amaziwerengera sanaonepo chitsime. Phazi amalimva. Likhoza kuyezedwa. Ukayamba kulipira nzeru za munthu, uziyeza ndi chiyani?" Masiku amenewo munthu wamng'ono sankabwereza nkhani kachitatu.

Utale, Okutobala 1979

Ku Utale tinafika chilimwe cha 1979. Amene sanakhaleko mwezi wa Okutobala asanene kuti akudziwa kutentha. Mafuta a galimoto ankasowa, moti galimoto ya ofesi inkakhala pansi pa mtengo nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake. Ine ndinkayendera njinga. Iwe Tiyanjane unali ndi miyezi inayi. Bwana anali atandiuza kuti chaka chikatha andituma ku ofesi yaikulu ku Blantyre kukakhala kalaliki wamkulu, ndipo mayi ako anali atayamba kale kufunsa mitengo ya nyumba ku Ndirande.

Makontilakitala tinali nawo awiri okha, Che Bwanali ndi a Jailosi, pa makwacha awiri phazi limodzi. Midzi isanu ndi inayi inali isanafikiridwe, anthu ake akutunga m'mifuleni ya mu Rivirivi limodzi ndi ng'ombe. Gulu la Che Bwanali linali litatsala amuna atatu. Enawo anapita kwa a Jailosi kumene ndalama inkaoneka, ndipo mmodzi mwa opitawo anali mlamu wawo weniweni.

Lachitatu pa 24 ndinapita kukayeza chitsime chawo chachisanu ndi chimodzi. Madzi anali atafika m'chiuno, oyera. Ndinatsitsa tepi: mapazi makumi awiri ndi awiri. Che Bwanali anakhala pa ndowa yovundikira n'kumachotsa matope m'zala.

"A kalaliki, Lachisanu mukandilipira ndilongedza. Ndikupita kukadya Idi kwathu."

"Mubwera liti?"

"Sindibwera. Kuli mwini esiteti ya fodya kufupi ndi kwathu akundifuna. Akuti andipatsa ya pamwezi."

"Nanga midzi yatsalayi?"

"A Jailosi alipo. Akawakumbira mpaka akaone Joni." Anaseka pang'ono, kenaka anasiya. "Anthu atatu awa ali ndi ana. Ndikawagawira ya chitsime ichi, ine nditsala ndi ya sopo. Mkazi wanga anandifunsa kuti, kodi inu simungachiphonye dala kamodzi? Ndinamuyankha kuti madzi ndikuwaona pamene ali, ndiye ndipite ndikakumbe pamene palibe? Mulungu ndidzamuuza chiyani?"

Ndinabwerera ku ofesi dzuwa lili pamutu. Bwana anali atapita ku Balaka pa sitima kukatenga ndalama kubanki. Ndinatsegula buku, ndipo pa mzere wa chitsime chija ndinalemba 35. Ndinasankha nambala imeneyo chifukwa sinkaoneka yaikulu pafupi ndi za a Jailosi. Bwana anali atasiya kalekale kuyeza pambuyo panga. Ndinadziuza kuti sindikuba, ndikungowongola chimene pepala lapotoza, ndipo kuti ndikachita choncho pa chitsime chilichonse mwina bamboyo akhala. Che Bwanali eni ake sindinawauze, chifukwa pansi pa mtima ndinkadziwa chimene angayankhe. Pa zaka zinayi ndi theka, aka kanali koyamba kulemba nambala imene tepi sinanene.

Lachisanu, 26 Okutobala 1979

Tinkalipira m'mawa kuti Asilamu apeze nthawi ya kumzikiti. Tebulo linali pakhonde la ofesi, pali bokosi la ndalama, buku ndi inki yodindira chala. Makontilakitala ndi anthu awo ankakhala pansi pa mtengo. Ine ndinkaitana dzina ndi mapazi m'Chingerezi, bwana n'kuwerenga ndalama.

A Jailosi analandira zawo. Kenaka ndinaitana Che Bwanali, ndipo bwana anawawerengera makwacha 70. Anatenga, anapita pambali, anawerenga. Anawerenganso. Ndinaona akupisa dzanja m'thumba n'kutulutsa kachingwe kaja, chala chikuyenda pa mfundo mpaka pamene panathera matope. Anabwerera patebulo n'kuika makwacha 26 patsogolo pa bwana.

"Izi si zanga," anatero m'Chichewa. "A kalaliki asokoneza. Chitsime chija ndi makumi awiri ndi awiri."

Bwana Chichewa chochepa chotere ankachimva. Anayang'ana ndalama, anayang'ana buku, kenaka ine.

"A Namaona," anatero m'Chingerezi, motsitsa mawu, "mwina mwalemba pa mzere wolakwika? Mwina nambalayi ndi ya chitsime china?"

Ankanditsegulira khomo, ndipo ndinaliona. Ndikanangoti inde, nkhani ikanathera pa kudzudzulidwa. Ndiyenera kukuuzani chimene chinali mbali inayo. Ndalama zija zinkadutsa m'manja mwa boma, ndipo mapepala athu ankasainidwanso ndi mkulu wina wa ku boma. Masiku amenewo munthu wogwidwa ndi ndalama za boma, ngakhale zochepa, ankapita kundende, osati kunyumba. Ndinaganiza za mayi anu ndi khanda kumbuyo. Koma kutsogolo kwanga kunali munthu amene wabweza ndalama yoposa theka la zimene wakhetsera thukuta milungu itatu, atavala nsapato za matayala. Ndinaona kuti ndikanama pamaso pake, tepi sindidzaigwiranso ndi dzanja lowongoka. Ndinaonanso kuti ndikati ndi ngozi, chilema cha pangano chija chikwiririkanso, ndipo bamboyo apita.

"Iyayi, bwana. Ndinalemba dala."

"Munagwirizana kuti mugawana?"

"Iwo sakudziwa kanthu. Ine sindinafune tambala. Ndimafuna asachoke."

Che Bwanali anandigwira pamkono. "Akuti chiyani? Tanthauzirani."

Ntchito yanga inali yotanthauzira, choncho ndinatanthauzira mlandu wanga womwe, m'Chiyao, anthu onse akumva. Nkhope yawo inasintha.

"Ndiye munafuna ndikagule mbuzi ya Idi ndi ndalama ya haramu? Ana anga adye? A kalaliki, zaka zonsezi mumandiona ngati munthu wotere?"

"Iyayi, Che Bwanali."

"Mukanandifunsa."

A Jailosi ali pansi pa mtengo anaponya mawu: "Nanga ife osatiwonjezerako bwanji, a kalaliki? Kapena tepi yanu imatalika ikamva Chiyao?" Ena anaseka, ena ayi.

Bwana anatseka buku n'kuliika m'chikwama chawo. Anatambasula dzanja, ndipo ndinawapatsa tepi. "Mawa 6 koloko," anatero. "Mupeze njinga ziwiri. Tikayeza chitsime chilichonse chimene munalemba kuno ku Utale. Ndikapeza china chimodzi, ndipita nanu kupolisi ndekha."

Masana ndinawafotokozera mayi anu. Anamva zonse osandidula, kenaka anafunsa, "Inu munadyapo zingati?"

"Ngakhale tambala."

"Ndiye mwaba kuti mupindule chiyani? Anzanu akamaba amabwera ndi shuga." Anatero akulira, koma madzulo anandichapira malaya oti ndivale m'mawa.

27 mpaka 30 Okutobala 1979

Zitsime zinali khumi ndi chimodzi, zomwazikana m'midzi. Njinga yachiwiri ndinabwereka kwa aphunzitsi. Bwana anali asanakwere njinga chichokere kwawo, ndipo mchenga wa ku Utale sudziwa mzungu. Tsiku loyamba anagwa kawiri. Sanadandaule, ndipo sanandilankhule kupatula kufunsa njira. Pa chitsime chilichonse ankatsitsa tepi okha, n'kuwerenga, n'kutsegula buku. Ine ndinkaima patali, manja kumbuyo.

Lamulungu tinapuma. Lolemba tinafika pa china cha a Jailosi, cha mapazi makumi asanu. Chinali chitatsekedwa ndi minga. Tikuchotsa mingayo panafika mayi wina wachikulire atasenza ndowa, akuchokera kumtsinje, ulendo wa maola awiri.

"Mwabwera kudzayeza manda a mbuzi yanga?" anatero. "Inagweramo mwezi wathawu. Muiyezenso iyo, mwina ili ndi malipiro."

Bwana anafunsa kuti akuti chiyani, ndipo ndinatanthauzira mawu onse osachotsapo. Anafunsa mayiyo kuti madzi amatunga kuti. Analoza ndi mlomo kumtsinje. Anafunsa chifukwa chake sapita ku chitsime cha mudzi woyandikana nawo, chimene anakumba Che Bwanali.

"Kumeneko mzere umayamba tambala asanalire. Midzi itatu pa chitsime chimodzi. Inu achimwene, muuzeni mzunguyu atitumizire wamfupi uja wa kofia. Wamtali uja, Jailosi, atipatse mbuzi yathu basi."

Pa zitsime za Che Bwanali zonse zisanu ndi chimodzi tinapeza amayi ndi ndowa. Pa zisanu za a Jailosi, madzi anali m'ziwiri. Bwana ankadziwa nambala zimenezi kuchokera m'mapepala, koma anali asanaimepo pakamwa pa dzenje louma dzuwa likuswa mtengo, mayi akuwayang'ana. Ndinaona kuti m'mphepete mwa buku ayamba kulemba zina zimene sizinali mapazi.

Lachiwiri masana tinamaliza. Zitsime khumi zinagwirizana ndi buku mpaka phazi lomaliza. Chabodza chinali chimodzi chija. Titafika ku ofesi anandiuza kuti ndikhale pampando, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Kupolisi sindipita," anatero, "chifukwa ndalama yabwerera ndipo munanena nokha. Koma ndilemba kalata ku ofesi yaikulu, ndipo ikhala m'faelo yanu. Za ku Blantyre muiwale. Tepi ikhala ndi ine mpaka ndidzaone." Kenaka anawonjezera kuti, "M'kalatamo ndilembamonso kuti munandiuza kawiri kwa Nsamala, ine osamva. Tsopano tengani pepala. Munati pangano ndi lopotoka. Liwongoleni ndi inki, osati ndi bodza. Funso langa lija likadalipo: nzeru muziyeza ndi chiyani?"

Yankho ndinali nalo tsopano, chifukwa ndinali nditaliona masiku atatu. "Ndi madzi, bwana. Tepi yomweyo, koma tiziyeza madzi amene ali m'chitsime, osati dothi limene latuluka."

Tinalemba mizere itatu. Chitsime chokhala ndi madzi ofika mapazi atatu m'chilimwe chizilipidwa mtengo umodzi wokhazikika, chikhale chachifupi kaya chachitali. Masiku awiri ofufuza malo azilipidwa. Dzenje louma lizilipidwa theka pa phazi, kuti munthu asapite chimanjamanja koma asalemerenso nalo. Bwana anati mphamvu zawo zikulola kuyesa zimenezi ku Utale kokha, kwinako adikira yankho la kwawo. Ndinataipa makope awiri dzuwa lisanalowe, iwo n'kusaina.

Ku Blantyre sindinapiteko. Anapita mnzanga wina amene anayamba ntchito pambuyo panga, ndipo anapuma ali ndi nyumba ya njerwa mumzinda. Ine ndinatsala wa kumidzi mpaka kupuma, ndipo kalata ija inanditsata kulikonse. Mwakhala mukundifunsa chifukwa chake simunakulire m'tauni ngati ana a anzanga. Chifukwa chake ndi chimenechi. Bodza lija ndimachita nalo manyazi mpaka lero. Koma mizere itatu ija inadzalowa m'pangano la bungwe lonse, ndipo ndi yokhayo imene ndingaloze n'kunena kuti iyi ndinalemba ine.

Lachitatu, 31 Okutobala 1979

M'mawa mwake ndinadzuka kusanache bwino n'kupalasa kupita kumene Che Bwanali ankagona. Ndinapeza msasa uli mbee, phulusa lozizira. Mwini nyumba yapafupi anati anyamuka atangoswali pemphero la m'mamawa, apita kusiteshoni. Ndinawapeza atakhala pa mtolo wa zida, anthu awo atatu ali pambali, akudikira sitima yoti ikawatule ku Nkaya, kuti akagwire ya ku Liwonde. Chiyambire Lachisanu tinali tisanaonane.

"Ajimwiche uli, Che Bwanali?"

Anayankha moni osandiyang'ana. Kenaka anati, "Ndinamva kuti sanakumangeni. Alihamudulila. Ine sindinadziwe kuti ndikukuponyani m'moto. Ndimayesa mwangolakwitsa."

"Mukanadziwa mukanasunga ndalamazo?"

"Iyayi. Ndikanabwera nazo kunyumba kwanu, ndikukalipireni kumeneko."

Ndinatulutsa pepala n'kuwawerengera m'Chiyao, pang'onopang'ono. Anati ndibwereze mzere wa masiku oyenda. Ndinabwereza. Mmodzi mwa anthu awo anawerengera pa zala n'kunena kuti, "Ambuje, apa ndiye mlamu wanu abwerera yekha, osamuitana."

"Abwere adzayambe ndi kukoka ndowa," anatero Che Bwanali. Kenaka anandiyang'ana koyamba. "Izi zalembedwadi pamenepo, kapena ndi zina za mutu wanu?"

Funsolo linandipweteka, koma linali loyenera. Ndinaitana mkulu wa siteshoni, munthu amene sankatidziwa, ndipo anawerenga pepalalo n'kumasulira m'Chichewa. Mawu anali omwewo. Inki ndinali nditanyamula. Anadinda chala pa benchi ya siteshoni, sitima ikulira kale kumtunda.

"Idi ndikadyera kwathu," anatero. "Mwini esiteti ndikamuuza ndekha pamaso. Lachiwiri ndili pano. Zida izi n'zolemera, sindingapite nazo n'kubwera nazo. Musunge." Atakwera pa sitepe anapisa m'thumba n'kundiponyera kachingwe kaja. "Ndinaona kuti tepi anakulandani. Gwirani ichi. Sichitalika."

Ndinamanga zidazo pa njinga, ndipo zinalemera moti kukwera sikunatheke. Ndinaikankha mumchenga mpaka ku ofesi, n'kufika mochedwa koyamba chiyambire ntchito. Ndinazitsekera m'chipinda cha simenti, ndipo m'buku la katundu ndinalemba kuti: mapiki awiri, fosholo imodzi, ndowa zitatu, chingwe chokokera chimodzi, kachingwe koyezera ka mfundo makumi asanu ndi limodzi. Ndisanalembe nambala yomalizayo, mfundozo ndinaziwerenga kawiri.